Nkhwayira za a Ngozo

A Ngozo tawaika Lachitatu lapitali kwawo ku Dambe. Tonse amene tinachokera ku chipatala kukaperekeza tinaima m'mbali mwa dzenje titavala nkhwayira zathu za tayala la lole, zakuda bii, zolemera, zosakongola ngakhale pang'ono. Eni mudzi, ochepa amene anali ndi nsapato, anali atavula polowera kumanda monga mwa mwambo. Mayi wina wachikulire anandikodola n'kundinong'oneza kuti, "Kodi inu a ku chipatala, kumanda simuvula?" Ndinawayankha kuti, "Mayi, tikavula ife, malemuwa adzuka m'bokosimo kudzatikalipira." Iwo sanaseke. A Lute, mnzanga wosesa m'mawodi, anabisa nkhope m'nsalu, ndipo sindinadziwe ngati akuseka kapena akulira.

Ine ndine wochapa. Mabandeji, mashiti ndi zofunda za odwala pa kachipatala ka mishoni kano zakhala zikudutsa m'manja mwanga chithere nkhondo ya azungu ija. A Ngozo ndinawapeza ali kale dilesa, ndiye kuti wotsuka zilonda, womanga mabandeji ndi wobaya jakisoni. Anali munthu wamfupi, wa khosi lalifupinso, woyenda mofulumira ngati wasiya china pamoto. Dzanja lawo pa jakisoni linali lolemera, ndisaname, moti abambo a ndevu zawo ankatuluka m'kachipinda kaja akutsimphina. Odwala adzawakumbukira ndi zimenezo. Ife antchito anzawo tidzawakumbukira ndi mwala wa pakhomo.

Mwalawo ndi wathyathyathya, wofika m'maondo, uli pafupi ndi khonde la wodi ya amayi. M'mawa uliwonse, asanaimbe chitsulo choyambira ntchito, a Ngozo ankakhala pamenepo ndi kansungwi m'manja. Wantchito aliyense, kaya wosesa, kaya wotunga madzi, kaya wophika phala la odwala, ankaima patsogolo pawo, kuvula nkhwayira, kutukula phazi ili, kenako linalo, n'kutambasula manja. Mapazi a akazi a eni sankawagwira, ankangoloza ndi kansungwiko. "Apo pali chiyani? Tasiyanitsani zalazo." Akapeza mng'alu wofiira, thekenya, kapena pamene munga walasa, a Lute ankapakapo ayodini wowawa uja n'kumanga. Tsiku limenelo sunkaponda m'wodi ndipo sunkakhudza bandeji yakuda. Unkakhala pamthunzi kumapinda zouma, anzako akukuseka kuti wakwezedwa pantchito.

Chimene ankaopa tonse tinkachidziwa, ngakhale kuti panalibe wochitchula iwo akumva. Wochapa amene ine ndinalowa m'malo mwake anali mkazi wawo, a Esitere. Masiku amenewo zonse zochokera m'wodi zinkaponyedwa m'dengu limodzi. Sopo ankasowa chifukwa cha nkhondo, choncho wochapa ankapita nazo kumtsinje n'kumaziponda ndi mapazi pathanthwe kuti mafinya ndi magazi zichoke. Tsiku lina m'mabandejimo munali kabotolo kosweka ka mankhwala a jakisoni. Kanawacheka a Esitere pansi pa phazi, kachilonda kosaposa chikhadabo. Anamanga kansanza n'kupitiriza ntchito osauza munthu, poti wantchito wa pachipatala akati ndadwala ankamunena kuti ndi ulesi. Patapita masiku nsagwada zinauma, msana n'kupindika. Kanali kafumbata, ndipo mwamuna wawo, amene ankamanga zilonda za anthu a m'mapiri onse ano, analibe chochita. Kuyambira pamenepo a Ngozo anatsimikiza mumtima kuti pachipatala pano sipadzatulukanso maliro a munthu amene anabwera wabwinobwino kudzagwira ntchito.

Ine ndinafika ndili ndi mwana kumsana ndi lilime lakuthwa. Ntchito yochapa anthu ankaikana. Amayi awiri anali ataiyesa n'kuthawa, akuti dengu lija lili ndi tsoka. Ine ndinalibe chosankha. Tsiku loyamba a Ngozo anaponya luzi pansi nati ndiponde, a Lute n'kumanga mfundo ina pa chidendene, ina pa chala chachikulu. Dzuwa lisanapendeke nkhwayira zinali zitatha. Ndinazitembenuza uku ndi uku n'kufunsa kuti, "Bambo, izi ndi zovala kapena ndi zoswera mtedza?" Anandiyankha kuti ngati ndikufuna zokongola njira ya ku masitolo a ku Kabula ndi iyo.

Kumudzi kunali kuseka. Nthawi imeneyo mkazi wa kumudzi wovala chakumapazi ankatengedwa ngati wodzikweza, ndipo anzanga pachitsime ankandifunsa kuti lole yanga inyamuka nthawi yanji. Ndinayamba kumavula ndikangotuluka mumpanda wa chipatala, n'kuzisenza pamutu. Ndinkayesa kuti a Ngozo akamva andikalipira, koma analibe nazo kanthu. Ankati minga ya m'njira ndi ya Mulungu, koma magalasi a m'wodi ndi athu.

Kuponda kumtsinje kuja anali atakuthetsa kale. Anapempha mgolo wa palafini, anaudula pakati nauika pa mafuwa kuseri kwa wodi. Chilichonse chochokera pachilonda chinkayamba chawira m'menemo, ife tikutakasa ndi ndodo yaitali, dzanja lisanachikhudze. Mabotolo osweka ndi masingano otha anali ndi chitini chawochawo, chimene ankakakhuthula iwo okha m'dzenje lakuya. Utsi wa pamgolopo unkatiliza misozi, ndipo kwa miyezi ingapo ndinkadandaula kuti kumtsinje kukanakhala bwino, kuli kamphepo. Amene ankandiyankha ndi a Lute. Ankavula nkhwayira yawo n'kundionetsa pamene singano yothyoka inalowa m'tayala n'kuimira momwemo, osafika pakhungu.

Tinakangana kwambiri tsiku limene ndinabisa chilonda. Mpeni unali utandicheka pachikhatho ndikusenda chinangwa, ndipo pamwala paja ndinatambasula manja nditaphimba ndi chala chachikulu. Anaona, koma anandilola kudutsa. Nditafika pamgolo anabwera, anandilanda ndodo, nayamba kutakasa okha, dilesa wamkulu, odwala akudikira pakhonde. Ndinawauza kuti ndine munthu wamkulu, ndipo dzanja ndi langa. Anandiyankha osatembenuka n'komwe.

"Dzanja ndi lanu, eti. Nanga mwana ali kumsanayo ndi wa yani? Ine anga awiri akuleredwa kwa agogo awo."

Ndinakhala pansi n'kumapinda zouma ndikuwatukwana chamumtima. Masiku atatu sindinawapatse moni.

Anali munthu wovuta, ndisabise. Sankapereka dzanja kwa munthu asanasambe, ngakhale akhale mbusa, ndipo akulu a mpingo anawaitanapo kuti awadzudzule za kunyada. Anapita, anamvetsera, anathokoza, n'kupitiriza momwemo. Fodya wa m'mphuno ankabisa m'thumba la apuloni ngakhale kuti mishoni inkaletsa, ndipo tonse tinkachita ngati sitikuona madontho ofiirira pachifuwa pawo. Sanakwatirenso, ngakhale achibale anayesetsa. Mawu amene ankadana nawo kuposa onse ndi akuti mawa. Ukati chingwe cha nkhwayira chaduka, ndidzakonzetsa mawa, ankakukhazika pomwepo mpaka atasoka. Ankakonda kutikumbutsa kuti zengerezu adalinda kwaukwau, ndipo ankati pa masiku onse amene Mulungu analenga, mawa ndilo lokha limene palibe munthu analionapo. Ife tinkawaputa dala. Akatifunsa kuti tidya liti, tinkayankha pamodzi kuti mawa, iwo n'kutiloza ndi kansungwi.

Matayala ankachokera kutali. Kumtunda kuno lole inkafika mwa apo ndi apo, nthawi yokolola tirigu ndi kachewere basi. A Ngozo akapeza masiku opuma ankatsika wapansi mpaka kumsewu waukulu ku Lisungwi atasenza dengu la manachesi a pakhomo pawo, kukasinthitsa ndi tayala lotha kwa madalaivala. Pobwera ankaligubuduza chitunda chonse, masiku awiri. Ulendo wina linawapulumuka atatsala pang'ono kufika pamwamba, linathamanga lokha mpaka m'khwawa, mbuzi zikubalalika. Anatsika, analitola, n'kuyambanso. Nkhani imeneyi ankainena okha, ndipo ndi yokhayo imene ndinawamva akudziseka.

Njala yaikulu ija itatha, kunabwera Dona watsopano, namwino wachizungu woyang'anira chipatala. Sanali woipa mtima. Odwala ankawasamala, ndipo Chinyanja ankayesetsa. Koma nkhwayira zathu pa simenti zinkalira phwa phwa phwa, ndipo iye ankati zikusokoneza odwala komanso zikulowetsa matope. Panalinso china chimene sanachinene koma tonse tinachimva: kwa azungu ambiri, munthu wakuda wolowa m'nyumba atavala nsapato anali wamwano. Enafe tomwe tinkaganiza choncho, poti tinakula tikuvula chipewa ndi kugwada. Tsiku lina masana Dona analamula kuti kuyambira m'mawa wotsatira nkhwayira zonse zizitsala pakhonde.

Kutacha a Ngozo anakhala pamwala, anatiyang'ana mapazi monga mwa masiku onse, kenako anangokhala, chitsulo osaimba. Ife tinaima pamzere. Dzuwa linakwera, odwala anadzaza khonde, ana anayamba kulira. Ine ndinali ndi mantha, chifukwa nyumba imene a Ngozo ankakhala inali ya mishoni, ndipo dilesa wokana lamulo ankachoka tsiku lomwelo atapinda mphasa yake. A Lute anawayandikira n'kuwachonderera motsitsa mawu.

"Bambo, imbani basi. Tiziyenda mosamala. Sikuti tifa lero."

"Esitere naye ankayenda mosamala," anatero a Ngozo. Kanali koyamba kuwamva akutchula dzinalo.

Dona anatuluka nkhope itafiira, nafunsa chifukwa chake ntchito sinayambe. A Ngozo anavula chipewa, anapereka moni mwaulemu wonse, n'kupempha kuti awalole asese kaye wodi imodzi. Anatenga tsache la a Lute nasesa wodi ya abambo kuyambira pakona mpaka pakhomo, pansi pa mabedi, ngakhale m'ming'alu ya simenti. Zinyalalazo anaziwolera m'lichero lakale lotayidwa, anatuluka nalo padzuwa, nayamba kupeta. Tangoganizani, bambo wa imvi kupeta ngati mayi pamtondo. Amayi odikirira odwala anaseka mpaka kugwira m'nthiti, ndipo ine manyazi anandigwira m'malo mwawo. Sankadziwa n'kupeta komwe, fumbi lambiri linkawabwerera kumaso, akuyetsemula. Koma fumbilo litatha, m'licheromo munatsala tinthu tonyezimira: timakosi ta mabotolo a jakisoni timene timathothoka podula, kachidutswa ka galasi loyezera kutentha kwa thupi, ndi nsonga ya singano. Amayi aja anasiya kuseka.

A Ngozo anagwada monga timachitira popereka chinthu kwa wamkulu, natambasulira Dona licherolo ndi manja awiri.

"Dona, wodi iyi inasesedwa dzulo, ndipo wosesayo ndi wosamala. Izi ndi zotsalira. Inu mukavula nsapato zanu n'kuyenda kuchokera pakhomo mpaka pawindo, ine ndiimba chitsulo, ndipo anthuwa avula."

Dona anayang'ana m'licheromo, kenako anayang'ana nsapato zake zoyera. Analowa mu ofesi n'kutseka chitseko. Patapita nthawi anatuma wophika kuti akaimbe chitsulo, ndipo ife tinalowa m'mawodi titavala, osadziwa ngati tikuphwanya lamulo kapena ayi. Dona sanapepese, komanso lamulo lija sanalitchulenso. Chimene sanakhululuke ndi kumuchititsa manyazi pagulu. Kuimba chitsulo, umene unali ulemu wa a Ngozo kwa zaka zambiri, kunapita kwa wophika mpaka lero, ndipo jakisoni anawalanda kwa chaka chathunthu n'kuwasiyira zilonda zonunkha zokha. Ndinkawaona m'mawa chitsulo chikalira, dzanja lawo likunyamuka lokha pabondo ngati likufuna kuimba. Zinkawapweteka, koma sanadandaule kwa munthu. Anatisokera chingwe china cha kuchidendene kuti nkhwayira zisamalire, ndipo anayala chiguduli pakhomo la wodi iliyonse chopukutira matope. Mvula yotsatira kunafika maapuloni awiri a labala a ochapa. Dona anangowasiya pamwala paja.

Anthu amandifunsa kuti ndakhalira chiyani pa ntchito ya mafinya zaka zonsezi, anzanga akupita ku minda ya tiyi. Ntchito sinapepuke, fungo silinasinthe. Koma kale wantchito wa pano ankadziona ngati tsache, loti likatha atola lina. Munthu akamakuyang'ana pansi pa phazi m'mawa uliwonse, pamene ngakhale mwamuna wako sayang'anapo, umadziwa kuti alipo wina wofuna kuti ubwerere kwa ana ako uli bwinobwino. Tinayamba kumaimba pamgolo paja. Chichokere tsiku la lichero palibe wasiya ntchito pano kupatula okalamba, ndipo maliro a wantchito sanatulukepo mpaka awa a iwo eni.

Maluzi oyezera mapazi athu ankawapachika pamsomali kuseri kwa chitseko cha mosungira mankhwala, ndipo lililonse ankalidziwa mwini wake popanda chizindikiro. Panali limodzi lakale, loda ndi manja, lalifupi kuposa onse. Tayala latsopano likafika, nkhwayira zoyamba kudula zinali za muyezo umenewo, ndipo ankazipereka kwa mayi aliyense wotuluka m'chipatala amene zamukwana. Ndinafunsapo a Lute, iwo anandiuza kuti nditseke pakamwa. Mwezi watha ndinalimba mtima n'kufunsa eni ake, tili awiri pamwala masana, chifuwa chitayamba kale kuwavuta. Ndinkayesa andithamangitsa. Anatenga nthawi akutsina fodya wawo.

"Nankhoma, luzi limenelo ndi lokhalo limene ndinayeza ndi dzanja langa. Esitere anandipempha yekha. Ankati thanthwe lija likumupweteka mapazi, ndimudulire zoti aziponda atavala. Tayala ndinali nalo kale, linali kuseri kwa nyumba, nkhuku zikuikiramo. Ndinkati mawa. Miyezi itatu ndikuti mawa. Obaya jakisoni tinalipo atatu, ndipo sindinafunsepo kuti anaponya kabotolo m'dengu ndani. Ndifunsirenji? Nkhwayira zake ndinadula tsiku lotsatira maliro, ndipo sizinanditengere n'theka la tsiku lomwe."

Ndinkafuna kuwauza kuti masiku atatu aja amene sindinawapatse moni ndimachita nawo manyazi mpaka pano, ndiponso kuti mwana anali kumsana uja tsopano akuwerenga buku. M'malo mwake ndinawauza kuti fodya wawatayikira pa apuloni. Ndikuwasowa a Ngozo. Ndikusowa ngakhale kukalipa kwawo, ndipo mawu amene ndinameza tsiku limenelo ndilibenso wowauza.

Sabata ziwiri zapitazo anatsika ku Lisungwi, ife tonse tikuwaletsa. Anati nkhwayira za a Lute zabooka pansi, ndipo chifuwa sichiyenda ndi miyendo. Anabwera patapita masiku atatu m'malo mwa awiri, akupuma ngati mvukuto. Sanalowe n'komwe m'nyumba. Anagoneka tayalalo kuseri kwa mosungira mankhwala, anatenga luzi ndi mpeni, ndipo ndi pomwepo pamene wotunga madzi anawapeza atagwa. Tinawagoneka m'wodi yomwe ija imene anasesa, ndipo sanadzukenso.

Dzulo tabwerera kuntchito. Chitsulo chinalira pa nthawi yake, koma tonse tinangopezeka titaima pamzere pafupi ndi khonde, ndipo ine ndinali nditavula kale nkhwayira imodzi ndisanakumbuke. Mwala uli pomwepo, wosalala pakati pamene ankakhala. Kansungwi katsamira khoma. Odikirira odwala amakhala paliponse, pamasitepe, pamizu ya mtengo, koma pamwalapo sakhalapo ngakhale palibe wawaletsa. Kuseri tayala lija lili momwe analisiyira. Nkhwayira imodzi yadulidwa, yaing'ono, ya phazi lamanzere. Inayo yangolembedwa ndi msomali, luzi lakale lija lili chigonere pamwamba pake, mpeni uli chizikire pa chidendene. Mvula ya dzana yasiya madzi m'tayalamo, ndipo mpeniwo wayamba dzimbiri. A Lute anati tiuzule, timalize ife. Ndinawayankha kuti mawa. Kenako ndinatembenukira kumwala kuja n'kudikira, koma panalibe wondikalipira.